Kodi ku Antarctica kuli zamoyo zoti n'kukaona?

FUNSO: Ndinapuma ntchito ya uphunzitsi, ndipo mwana wanga amene amagwira ntchito kunja akufuna kundilipirira ulendo wa pa sitima yopita ku Antarctica. Ine ndimakonda mbalame, Loweruka ndimakhala ku Kachulu kuonerera za pa nyanja ya Chilwa. Kodi kumeneko kuli zamoyo, kapena ndi madzi oundana okhaokha? Nanga ndipite mwezi uti? — Mphunzitsi wopuma, Matawale, Zomba

YANKHO: Aphunzitsi, musakane mwayi umenewu. Zamoyo ziliko, ndipo munthu wozolowera kudikira mbalame ngati inu ndi amene amakapindula.

Sitima zambiri zimanyamukira ku Ushuaia, kummwera kwa Argentina, pakati pa Novembala ndi Malichi. Zimadutsa Drake Passage, nyanja ya pakati pa South America ndi Antarctica, kwa masiku pafupifupi awiri, ndipo mafunde ake sachita chibwana, choncho tengani mankhwala oletsa nseru. Koma musagone m'chipinda ulendo wonsewo. Pamenepa ndi pamene mbalame ya albatross imatsatira sitima, mapiko ake otambalala kupitirira mamita 3, n'kumayandama mumphepo nthawi yaitali osakupiza n'komwe.

Za mwezi, zili kwa inu. Anapiye a penguin amaswedwa mu Disembala ndi Januwale. Anamgumi amachuluka mu Febuluwale ndi Malichi, akamadya tinyama tonga tinkhanu totchedwa krill. Krill kumeneko ali ngati matemba ku Chilwa: akachepa, mbalame ndi nyama zonse zimavutika. Ine ndingakusankhireni Januwale, poti mtima wanu uli pa mbalame. Mudzaona penguin za mitundu ya gentoo, chinstrap ndi Adélie zikudyetsa ana, phokoso lili pwirikiti, fungo la zitosi likukulonjerani musanatsike n'komwe. Ya emperor, yaikulu ija, musaiyembekezere. Maulendo wamba safika kumene imaswera.

Chimene ndikufuna mwana wanu amvetse ndi kukula kwa sitima. Malamulo a IAATO, bungwe la makampani otengera alendo ku Antarctica lomwe linayamba mu 1991, salola anthu oposa 100 kutsika pamtunda nthawi imodzi, ndipo sitima yonyamula anthu oposa 500 siitsitsa munthu aliyense. Ikakhala yaikulu choncho mudzangoonera patali. Asankhe yaing'ono, kuti muzikwera timaboti tamphira ta Zodiac n'kukaponda pamtunda.

Thumba likalola, ulendowo udzere pa chilumba cha South Georgia. Ku St Andrews Bay kuli penguin za mtundu wa king miyandamiyanda, pamodzi ndi akatumbu a m'nyanja aakulu otchedwa elephant seal. Mudzafikanso ku Grytviken, kumene kuyambira 1904 anthu ankaphera anamgumi kufuna mafuta, mpaka anamgumiwo anatsala pang'ono kutha. Zimandikhudza kwambiri kuti lero anamgumi a humpback achulukanso m'madzi omwewo.

Malamulo ake muwatsate ndi mtima wonse. Muziima mamita 5 kuchokera pa penguin, osaidyetsa, osaikhudza. Majombo amatsukidwa ndi mankhwala potsika ndi pokwera, makamaka chifikireni chimfine cha mbalame ku South Georgia mu 2023. Oyendetsa akanena kuti lero sititsika chifukwa cha mphepo kapena matenda, musadandaule nawo.

Tengani choonera patali chanu chija, magalasi a dzuwa ndi magolovesi osalowa madzi, ndipo muyambe msanga kufunsa za viza ya Argentina.