Funsani Anesi: Apongozi akuti mapiritsi a magazi akulitsa mwana m'mimba

FUNSO: Anesi, ine ndili ndi pakati pa miyezi 6, mimba yachiwiri. Ku sikelo anandipatsa timapiritsi towonjezera magazi koma ndikamwa ndimamva nseru, chimbudzi chimabwera chakuda bii komanso chouma, ndiye apongozi anga anati ndisiye, akuti mapiritsi amenewa amakulitsa mwana m'mimba mpaka akanding'amba pobereka. Ndasiya masabata atatu tsopano. Koma ndikumatopa heve, kamtunda kochokera ku msika ndimapuma kawiri, komanso ndikumalakalaka dothi la pachulu. Ndipange bwanji?
Mayi wa ku Chinamwali, Zomba

YANKHO: Mayi, zikomo polemba, ndipo ndiyambe ndi kukupemphani kuti sabata ino isathe musanapite ku sikelo, mutenge buku lanu la kuchipatala, muwauze anesi chilungamo kuti munasiya mapiritsi ndipo akuyezeni magazi. Kutopa pa kamtunda kuja ndi kulakalaka dothi kuja nthawi zambiri ndi thupi likulira kuti ayironi, mchere wopangira magazi umene uli m'mapiritsi aja, watha. Mayi woyembekezera Hb yake, nambala imene amapeza akayeza kuchuluka kwa magazi, ikatsika pansi pa 11 timati magazi achepa, ikafika pansi pa 7 ndiye zavuta kwenikweni. Simuli nokha ayi, kafukufuku wa dziko lonse wa 2015-16 anapeza kuti amayi oyembekezera pafupifupi 45 pa 100 aliwonse m'Malawi muno anali ndi magazi ochepa.

Tsopano za apongozi. Musakangane nawo, akunena chifukwa amakukondani ndipo akuopa mpeni, mantha amenewo ndimawamva tsiku ndi tsiku. Koma zoti piritsi la ayironi limatupitsa mwana mpaka kukanika kutuluka sizoona. Mwana wamkulu mopitirira nthawi zambiri amabwera chifukwa cha shuga wa mayi kapena mtundu, ndipo kung'ambidwa kumabwera pa zifukwa zina monga mwana kugona mopingasa kapena njira kuchepa. Chimene ayironi amachita ndi kuthandiza mwana kufika sikelo yake yoyenera basi.

Zimayenda chonchi. Mukakhala ndi pakati magazi anu amachuluka pafupifupi ndi theka lina pamwamba pa amene munali nawo, ndipo magaziwo kuti akhale ofiira, otha kunyamula mpweya wabwino, amafuna ayironi. Mwana sapuma yekha m'mimbamo, mpweya ndi chakudya zonse amalandira kuchokera m'magazi anu kudzera mu nsengwa ndi mchombo, ndiye magazi a mayi akasuluka mwananso amalandira zoperewera, amakula monyentchera, ena amabadwa masabata 37 asanakwane, ena amabadwa osafika makilogalamu 2.5. Ine ndakhalapo mu wodi ya kangaru, ya ana obadwa ochepa thupi, usiku, mayi atamangirira kamwana pachifuwa ndi chitenje, kamutu kochepa ngati lalanje katavala kachipewa kolukidwa, kakulephera ngakhale kukoka bere mpaka mkaka kumafinyira mu kapu n'kumakamwetsa pang'onopang'ono. Ana otere sachedwa kuzizidwa, sachedwa kudwala, ndipo mayi amagona m'chipatala masabata m'malo mwa masiku awiri. Mwana wochepa si mwayi ayi amayi anga, apongozi mukawafotokozere zimenezi mwaulemu.

Ndipo pali chinthu china chimene ambiri sachidziwa, ndi chifukwa chake ndadandaula kuti mwasiya pa miyezi 6 penipeni. Miyezi itatu yomalizayi ndi imene mwana amakolola ayironi wambiri kwa inu n'kusunga m'chiwindi mwake, ngati mmene timasungira chimanga m'nkhokwe kuti chitifikitse ku zokolola zina. Mkaka wa m'mawere ndi wabwino kuposa chilichonse koma ayironi uli naye wochepa, ndiye kwa miyezi 4 mpaka 6 yoyambirira mwana amadya za m'nkhokwe yake ija. Nkhokwe ikakhala yatheka imatha msanga, mwana n'kuyamba kuchepa magazi akadali wakhanda, pomwe nthawi imeneyo ndi imene ubongo wake ukukula mothamanga ndipo ubongowo umafunanso ayironi. N'chifukwa chakenso masiku ano anamwino sathamangira kudula mchombo, amadikira mphindi imodzi mpaka zitatu kuti magazi otsala mu nsengwa alowe mwa mwana.

Inunso mwini wake musadziiwale. Pobereka mayi aliyense amataya magazi, koma amene analowa mu leba ali kale ndi ochepa sapirira, kutaya pang'ono chabe wakomoka, abale n'kuyamba kuthamangathamanga kufuna opereka magazi.

Nanga nseru ndi chimbudzi chakuda chija? Chakudacho musachiope, ndi ayironi wotsala amene thupi silinatenge, si matenda. Nseru yesani kumwa piritsi usiku mukatha kudya nsima mukupita kokagona, ambiri zimawathera pomwepo pakapita masiku. Kudzimbidwa imwani madzi ambiri, idyani papaya ndi masamba. Zikakanikabe kambiranani ndi anesi, pali njira zina, ndipo amene magazi awo atsikiratu amatha kupatsidwa ayironi wa mu dripi kapena kuikidwa magazi ku chipatala chachikulu. Chimene bungwe la zaumoyo pa dziko lonse lapansi la WHO limalangiza ndi piritsi limodzi tsiku lililonse mimba yonse, la ayironi wa mamiligalamu 30 mpaka 60 pamodzi ndi vitamini wotchedwa folic acid wa mamiligalamu 0.4, ndipo mukachira mupitirize kwa masabata 6 mpaka 12. Chonde musamwe awiri atatu nthawi imodzi kuti mubwezere masabata munasiya aja, ndipo musunge patali ndi mwana wanu woyambayo, timapiritsi timeneti timaoneka ngati maswiti koma kwa mwana wamng'ono akameza ambiri ndi poizoni.

Tiyi! Apa ndiye ambiri timalakwitsa. Tiyi ndi khofi zimamanga ayironi m'matumbo kuti asalowe m'thupi, ndiye kumezera piritsi ndi tiyi wa m'mawa kuli ngati kutunga madzi ndi dengu. Mezerani madzi, tiyi mumwe patapita ola limodzi kapena awiri. Chimene chimathandiza ayironi kulowa bwino ndi zipatso zowawasa, lalanje, gwafa, mango, malambe, ngakhale kufinyira ndimu pa ndiwo kapena tomato wamuwisi pambali.

Ku Zomba kuno zakudya tili nazo. Matemba a ku nyanja ya Chilwa ndi usipa idyani ndi mitu yomwe, nyama mukaipeza, mazira, ndipo chiwindi mwa apo ndi apo pang'ono osati tsiku ndi tsiku chifukwa chili ndi vitamini A wochuluka. Ayironi wa m'nyama ndi nsomba thupi limamutenga mosavuta kuposa wa m'masamba, komabe bonongwe, chisoso, khwanya, nkhwani, nyemba ndi nandolo zimawonjezera, bola osaphika mpaka kufuwa komanso soda muchepetse chifukwa amapha mavitamini. Mukapeza nyemba za NUA 45 gulani, zili ndi ayironi wochulukirapo. Koma kunena zoona mayi amene wafika potopa ngati inu chakudya chokha sichingamukweze msanga mwana asanabadwe, ndipo zakumwa zofiira za m'botolo kapena madzi a masamba a mapeyala amene anthu amauzana sizilowa m'malo mwa piritsi.

Dothi lija lisiyeni. Limamanga ayironi yemweyo mukumusowayo komanso limabwera ndi njoka za m'mimba zomwe zimayamwa magazi. Mukayambiranso mapiritsi chilakolakocho nthawi zambiri chimazilala chokha. Ku sikeloko funsaninso ngati munalandira mankhwala a njoka za m'mimba komanso Fansidar woteteza ku malungo, amene amayamba mimba ikadutsa miyezi itatu ndipo amafunika kosachepera katatu motalikirana mwezi, chifukwa malungo kuno kwathu, makamaka kumunsi cha ku Chilwa, amaphwanya magazi mwakachetechete ndipo amabisala mu nsengwa mayi osamva n'kutentha thupi komwe. Neti usiku uliwonse.

Mukaona mtima ukugunda mwamphamvu mutangokhala, chizungulire, kubanika, m'zikope ndi m'manja mwayera mbee, musadikire tsiku la sikelo, pitani tsiku lomwelo. Ndipo ulendo uno ngati n'kotheka apongozi mupite nawo limodzi, akhale pa benchi pomwepo pamene akukuyezani magazi, funso lawo la mwana wamkulu akafunse okha kwa anesi.