Tomato wapsa usiku umodzi, chimanga chafera m'nthaka: mlangizi ayankha

Bambo wina amene anasamukira m'tauni yaing'ono ya kumtunda, kutali ndi nyanja, walemba kuti anawokera tomato m'dimba la kudambo m'nyengo yozizira, monga ankachitira kwawo m'mbali mwa nyanja. M'mawa wina anapeza masamba onse atada ndi kulendewera, ndipo ngakhale wapopera mankhwala a matenda a chiwawu kawiri, palibe chasintha.

Bambo, munalakwitsa kuthamangira mankhwala musanafunse, pakuti ndalama zimenezo zikanakuthandizani kugula mbewu ina. Chiwawu chimayamba ndi madontho pa masamba ndipo chimafalikira kwa masiku angapo, makamaka kukakhala chinyontho. Chimene chimapsereza dimba lonse usiku umodzi ndi chisanu, ndipo sindikukayika kuti n'chimene chakugwerani.

Munabwera ndi kalimidwe ka kwanu osafunsa kaye za nyengo ya kumene mwafika. Madzi a m'nyanja amasunga kutentha kwa masana n'kumakutulutsa pang'onopang'ono usiku, pamene nthaka ya kumtunda imatentha msanga dzuwa likatuluka, n'kuziziranso msanga likangolowa, moti munthu amene anatuluka thukuta masana amanjenjemera mbandakucha. Kuwonjezera apo, pa mamita 1,000 aliwonse amene mwakwera, kutentha kumatsika ndi madigiri 6 kapena 7. Usiku wopanda mitambo ndiponso wopanda mphepo, mpweya wozizira, pokhala wolemera, umatsetsereka n'kukadikha kudambo, ndipo pamwamba pa masamba pakafika madigiri 0, madzi a m'kati mwa tsamba amaundana n'kuliwononga. Zaka zapitazi ndaonapo dimba la m'munsi litapsa lonse, la mnzake lomwe lili chapamtunda pang'ono lili lobiriwira bwinobwino.

Mitengo ya tomato imene tsinde lake likadali lolimba ndi lobiriwira isiyeni, ikhoza kuphukira. Mukaona kuti kumwamba kwayera ndipo mphepo yaleka, thirirani masana, chifukwa nthaka yonyowa imasunga kutentha kuposa youma, kenako madzulo yalani masaka kapena udzu pa timitengo pamwamba pa mbewu, n'kuchotsa dzuwa likatuluka. Chaka chamawa kudamboko mudzabzaleko kabichi, mpiru ndi anyezi, zomwe zimapirira kuzizira, pakuti tomato, ngakhale chisanu chisamugwire, sabereka bwino usiku ukamazizira kutsika pansi pa madigiri 13.

Mayi wina akudandaula kuti anabzala chimanga mvula yoyamba ya mabingu itangogwa, kenako kunachita ng'amba ya masabata awiri ndipo mbewu yambiri sinamere.

Mayi, munabzalira chizimalupsa, ndipo chaka chilichonse timachenjeza za chimenechi. Kumalo a kumtunda mvula yoyamba imabwera chifukwa cha kutentha kwa masana, imagwa mwamphamvu kwa kanthawi kochepa, nthawi zina mbali imodzi ya tauni ina kuli gwa, ndipo imanyowetsa pamwamba pokha. Mbewu imafufuma, imatulutsa kamuzu, kenako imauma dzuwa likaomba.

Langizo langa, limene sinditopa kulibwereza, ndi chitini. Pezani chitini chowongoka m'mbali, chiikeni pa mtengo pabwalo kutali ndi denga ndi mitengo, ndipo m'mawa uliwonse yezani madziwo ndi rula, lembani m'kope, n'kukhuthula. Sichikudyerani ndalama, komabe chimakuuzani za munda wanu weniweni, zomwe wailesi singathe, popeza imanena za chigawo chonse. Milimita imodzi m'chitini ndi lita imodzi ya madzi pa malo otalika mita imodzi mbali zonse. Musabzale mpaka mutawerenga mamilimita 25 kapena 30 m'masiku awiri kapena atatu otsatizana, ndipo mukumbe ndi khasu kuti muone ngati chinyontho chalowa kuya ngati chikhatho chanu. Alimi amene ndawaona akusunga kope lotere kwa zaka zingapo amadziwa okha sabata imene mvula yodzalira imakonda kufika kwawoko.

Pakali pano fukulani mapando angapo. Ngati mbewu yavunda m'mapando oposa theka, bzalaninso munda wonse ndi mbewu yocha msanga mvula yeniyeni ikagwa, koma ngati ndi mapando ochepa chabe, pakizani omwewo.