Mlongo wanga akuti ndi libertarian, wasokonezeka?

Sabata yatha mayi wina anandilembera imelo ali ndi nkhawa. Mlongo wawo amene amagwira ntchito ya makompyuta ku Texas, m'dziko la America, wayamba kudzitcha libertarian, ndipo akaimba foni nyimbo yake ndi imodzi: msonkho ndi kuba. Mayiwo akufunsa ngati ndi chipani, mpingo, kapena mutu wabalalika.

Mayi, mutu uli bwinobwino. Ma libertarian amati boma lizingoteteza anthu ndi katundu wawo n'kumaweruza milandu, basi. Za malonda, mfuti, chamba kapena amene mukufuna kukwatirana naye, zimenezo ndi zanu, bola musapweteke mnzanu. Pa chamba amakangana ndi a chipani cha Republican, pa msonkho amakangana ndi a chipani cha Democrat. Chipani ali nacho, chinayamba mu 1971 ku Colorado, koma sichinalaweko upulezidenti. Mu 2016 Gary Johnson, amene anaimira chipanichi pa chisankho cha pulezidenti, anapeza mavoti oposa pang'ono 3 pa 100 alionse.

Ambiri amene ndawamva akulankhula chonchi anapsapo ndi boma penapake. Wina amaona gawo la malipiro ake likudulidwa asanaligwire n'komwe, wina anatopa ndi ziphaso pofuna kutsegula kabizinesi. Ron Paul, wandale wa maganizo a libertarian komanso dokotala wa amayi oyembekezera wa ku Texas komweko, ankadzaza maholo ndi achinyamata mu 2008 ndi 2012 akufuula kuti banki yaikulu ya dzikolo ithetsedwe. Ku Argentina, mu 2023, chaka chimene mitengo ya zinthu inakwera kuposa 200 peresenti, anthu anavotera libertarian wina, Javier Milei, kukhala pulezidenti, munthu amene pa kampeni ankanyamula makina ochekera matabwa posonyeza momwe adzadulire boma. Munthu amene ndalama yake ikusungunuka m'thumba, sindingamudzudzule akamva mawu otere n'kuwomba m'manja.

Koma pali nkhani ya ku Grafton, katauni ka ku New Hampshire, ku America. Kuyambira 2004 gulu la ma libertarian linasamukira kumeneko kuti likhale mwaufulu. Anakakamiza kuti bajeti ya tauni idulidwe, misewu inakumbika, ena ankataya zakudya paliponse, munthu wina wa m'tauniyo n'kumadyetsa zimbalangondo dala pakhomo pake chifukwa ndi pake. Zimbalangondozo zinazolowera anthu, zinayamba kufika m'makomo mwa aneba amene sanazidyetsepo, mpaka zinavulaza anthu.

Mayi, mlongo wanuyo akadzaimbanso, musamutsutse pa za msonkho, akugonjetsani chifukwa mfundo zake wazilowezeratu. Mungomufunsa za chimbalangondo cha mneba uja, mumve kuti ayankha chiyani.