Kwa achimwene ofunsa za 80 ndi 60 pa njinga yamoto

Achimwene, mwati mwangoyamba kumene kuperekera anthu zakudya pa njinga yamoto kuno ku Joni, mabuleki ndi atsopano, ndiye mukufunsa ngati kuthamanga 80 pamalo pa 60 kuli ndi vuto lenileni kupatula tikiti. Ine chino n'chaka chachinayi ndili pa ntchito yomweyi, ndiye mundipirire, ndilemba motalikirapo.

Buleki isanayambe ntchito, amayamba ndinuyo. Diso likaona tekisi itaima mwadzidzidzi, pamadutsa pafupifupi sekondi imodzi dzanja lisanafinye, ndipo ngati munasuzumira pa foni kuona adiresi ya kasitomala, imaposa pamenepo. Pa 60, m'sekondi imeneyo mwayenda kale mamita 17. Pa 80 ndi mamita 22. Apo buleki yatsopano ija sinagwire n'komwe.

Ikagwira, mtunda woimira sukwera mofanana ndi liwiro ayi. Liwiro likawirikiza kawiri, mtundawo umawirikiza kanayi. Pa tala wouma, matayala ali bwino, wokwera wodziwa kumanga, 60 imafuna mamita pafupifupi 20, pamene 80 imafuna 35. Mukaphatikiza ndi sekondi ija, wina waima pa mamita 37, winayo pa 57. Tsono taganizani njinga ziwiri zoyandikana pa msewu wa Louis Botha, mwana wasukulu n'kutulukira kuseri kwa tekisi. Wa 60 waima ndendende pamapazi pa mwanayo. Wa 80, ngakhale wamanga ndi mphamvu zake zonse, akufika pamalo omwewo akadali pa liwiro la pafupifupi 60. Apa ndi pamene ndikufuna mumvetse. Ndipo kuwomba chinthu pa 60 kuli ngati kugwa kuchokera mamita 14 m'mwamba, ife tilibe chitseko kapena lamba, koma chisoti ndi jekete basi.

Nanga phindu lake? Ulendo wa makilomita 5 pa 60 ndi mphindi 5, pa 80 ndi mphindi 3 ndi masekondi 45. Kamphindi kameneko loboti imodzi ya pa Jan Smuts ikalanda.

Masamu onsewa ndi a msewu wouma. Mvula ya kuno mwina simunaione bwino: kuyambira Okutobala imabwera masana ndi mabingu, ndipo yoyamba ndiyo yoopsa, chifukwa imatukula oyilo ndi fumbi lomwe launjikana pa tala nyengo yonse yozizira. Mizere ya penti ndi zivindikiro zachitsulo za ngalande zimaterera ngati sopo. Ine ndinagwa chaka changa choyamba pa Empire, mvula itangoyamba kuwaza. Galimoto inaima pa loboti yakufa, ine ndili pafupi kwambiri, ndinaponda buleki yam'mbuyo yokha mwamantha. Tayala linauma, njinga inapita cham'mbali. Ndikukumbukirabe msuzi ukuchucha m'bokosi, bondo la buluku litang'ambika, ine ndili chogona ndikuyang'ana pansi pa galimotoyo. Masabata atatu osagwira ntchito, lendi ikudikira, kumudzi akudikiranso. Vuto linali langa, sindinamizira munthu.

Chimene sindinkadziwa n'chakuti mphamvu yambiri yoimitsa njinga ili kutsogolo, chifukwa mukamanga kulemera konse kumathamangira pa tayala lakutsogolo. Ambiri tinazolowera za kumudzi zoti buleki yakutsogolo imagwetsa. Imagwetsa mukaikoka mwadzidzidzi, makamaka pokhota. Muzifinya pang'onopang'ono n'kumawonjezera, kwinaku phazi likuthandiza kumbuyo, njinga itawongoka. Tinjinga tathu ta injini za 125cc ndi 150cc tambiri tilibe ABS, chipangizo choletsa tayala kuuma mukamanga mwamphamvu, ndiye dzanja lanu ndilo liyenera kudziwa malire. Matayala nawo muziwayang'ana. Lamulo la kuno limafuna mizere yakuya milimita imodzi, koma ine sindidikira kufika pamenepo, mvula ikayandikira ndimasintha.

Pakati pa inu ndi galimoto yakutsogolo siyani masekondi atatu. Ikadutsa pholo, werengani mumtima, mukafika musanathe kuwerenga ndiye mwayandikira kwambiri. Kumbuyo kwa tekisi wonjezerani, paja imaima paliponse pamene chala chakwezedwa.

Lamlungu m'mawa pezani malo oimika magalimoto opanda anthu, ikani botolo pansi, yesani kumanga pa 30, kenako pa 40, muyeze ndi mapazi pomwe mwaimira. Bokosi likhale lodzaza monga mumayendera masiku onse. Ngati muli cha ku Yeoville kapena Berea ndilembereni, ndibwera tikayesere limodzi.