Bambo anu akamati atolankhani onse anagulidwa

Achemwali ena andilembera kuti bambo awo anasiya kumvera wailesi. Bambowo akuti atolankhani onse anagulidwa, zoona zili pa masamba a Facebook aja amayamba ndi mawu akuti "zimene akukubisirani". Achemwaliwo akufunsa kuti awathandize bwanji.

Achemwali, funso lanu landilasa mtima, chifukwa inenso ndinadutsa momwemo. Bingu wa Mutharika anamwalira pa 5 Epulo 2012. Ndinali pakhonde, wailesi ya MBC ili pampando, foni ili m'manja. Pa intaneti maliro anali atamveka kale, koma boma linadzavomera pa 7. Masiku awiri amenewo anandisintha, ndinalumbira kuti sindidzakhulupiriranso nkhani za anthu ovala mataye.

Ndipo bambo anu akukumbuka zambiri kuposa ine. Nthawi ya Kamuzu kunali MBC, Daily Times ndi Malawi News, zonse zoimba nyimbo imodzi. Chimene chinagwedeza dziko ndi kalata ya maepiskopi a Katolika yodzudzula boma ya pa 8 Malichi 1992, imene anthu ankapatsirana mobisa. Musawaseke akamakayikira. Chipondamthengo chimene atolankhani ena amalandira akapita kumsonkhano chilipodi, tonse timachidziwa.

Koma tsiku lina tsamba lina linalemba kuti msuweni wanga wafa pangozi ya minibasi, n'kuikapo chithunzi chake. Amayi anagwa pansi pafupi ndi mtondo, akulira, chitenje chili mbali. Madzulo msuweniyo anaimba foni ali bwinobwino. Tsambalo linangofufuta nkhaniyo, osapepesa, m'mawa mwake n'kuyambanso kutukwana manyuzipepala kuti ndi abodza.

Apa ndiye sindigonja. Masamba ambiriwa malonda awo ndi kunyoza anzawo basi, pomwe nkhani zenizenizo amakopera ku manyuzipepala omwewo. Nyuzipepala ya The Nation imene akuitcha yogulidwa lero inayambitsidwa ndi Aleke Banda mu 1993, nayonso ngati mawu atsopano otsutsana ndi akale. Mtolankhani Gregory Gondwe wa bungwe lofufuza nkhani la Platform for Investigative Journalism amalembanso pa intaneti, koma amaikapo dzina lake, ndipo mu 2022 apolisi anamugwira chifukwa cha nkhani imene anafufuza. Amene amabisa nkhope nkhani ikavuta amangosintha dzina la tsamba.

Choti muchite

Musawalande foni kapena kuwatsutsa pagulu. Akakutumizirani nkhani, afunseni mwaulemu kuti, "Bambo, walemba ndani, nanga atalakwitsa tsiku lija anapepesa?" Kenako dikirani masiku awiri, mukhale nawo pansi, muione limodzi ngati idakalipo.