Funsani za Njinga: Masipoko Owongoka Kapena Okhota Kumutu?

Funso: Gudumu langa lakumbuyo lathyoka masipoko atatu m'miyezi iwiri, onse pamene akhotera pa habu, chitsulo cha pakati pa gudumu. Mnzanga akuti ndimange lina ndi masipoko owongoka, aja amati straight pull, poti alibe pokhota. Kodi ndimumvere?

Yankho: Musathamangire kugula. Poyamba dziwani kuti mtundu wa sipoko imalamula ndi habu. Sipoko wamba, ya J-bend, imakhota kumutu ngati mbedza ndipo imalowa m'bowo la m'mbali mwa habu. Yowongoka imalowa m'kabowo koloza kale ku limu, mutu wake n'kukhazikika momwemo. Ziwirizi sizibwerekana habu, ndiye mukasankha owongoka mwagulanso habu yatsopano.

N'zoona kuti sipoko wamba imakonda kuthyokera pokhotapo, koma chimene chimaipha nthawi zambiri ndi kukhwepa. Gudumu likamazungulira, masipoko amene afika pansi amamasuka pang'ono chifukwa cha kulemera kwanu, kenako amakungikanso akakwera. Sipoko yokungidwa bwino imapirira zimenezi zaka zambiri. Yokhwepa imagwedera pokhotapo paulendo uliwonse wa gudumu, monga mmene mumapindira waya uku ndi uku mpaka aduke. Yang'anani yothyokayo pafupi: pamene yadukapo pamakhala posalala mbali imodzi, pomwe mng'alu unkayenda pang'onopang'ono, ndi pokhakhala pomwe inamalizikira. Sipoko yowongoka ikamangidwa mokhwepa nayonso imaduka, kungoti imadukira pamutu kapena pa mazinga, pamene pamalowa kanati ka ku limu.

Tsono konzani kamangidwe. Atatu akathyoka motsatizana, otsalawo atopanso, sinthani onse. Kumbali ya tcheni masipoko akungidwe pakati pa makilogalamu 100 ndi 120 pa chida choyezera. A mbali inayo amakhala omasukirapo ndithu, chifukwa limu iyenera kukhala pakati pomwe magiya atenga malo mbali imodzi ya habu. Ngati chida palibe, akhwatsuleni ndi chala ngati nsambo za gitala: a mbali imodzi azilira mofanana. Wolira mobuma ndiye wokhwepa. Mukamaliza valani magolovesi, gwirani masipoko awiriawiri oyandikana n'kuwafinya mwamphamvu kuzungulira gudumu lonse, kenako wongolaninso limu. Amakaniko ambiri amalumpha zimenezi, ndipo n'chifukwa chake gudumu latsopano limalira "ting'i, ting'i" tsiku loyamba n'kupindika.

Onaninso kakhalidwe ka mutu pa habu. Pokhotapo pazikhala pogona pachitsulo, popanda mpata. Bowo likakula kapena m'mbali mwa habu mukapyapyala, ikani kawashala ka bulasi pansi pa mutu. Ponena za kunenepa, sipoko wamba ndi ya mamilimita 2.0. Koma yolimba nthawi yaitali ndi ija yoonda pakati, 2.0 kunsonga ndi 1.8 pakati, chifukwa pakatipo pamatamuka n'kupumitsa nsonga zake. Ambiri zimawadabwitsa. Wonyamula katundu wolemera atenge ya 2.3 kumutu, masipoko 36, aliyense adutse anzake atatu.

Owongoka ali ndi ubwino wake. Amalowa msanga pomanga, ndipo pa mahabu ena mutha kusintha sipoko yakumbuyo osachotsa magiya, pomwe wamba kumbali ya tcheni salola. Kupepuka kwake ndi kwa magalamu ochepa chabe, simungakumve popalasa. Vuto lake lalikulu ndi loti mukamapotokola kanati, sipoko yonse imazungulira nako poti palibe mbedza yoigwira. Pamafunika pulayazi ya milomo yosalala kapena chogwirira chake, ndipo pulayazi ya mano imasiya zipsera zomwe mawa zimasanduka ming'alu. Owongoka ophwatalala ndi osavutirapo kugwira. Kalukidwe nakonso simusankha, anasankha kale wopanga habu. Ndipo ngakhale makampani ngati DT Swiss ndi Sapim amapanga mitundu yonse iwiri, sipoko wamba ya utali wanu mudzaipeza msanga kuposa yowongoka ikakuthyokerani paulendo. Ife tikuti sungani habu yanu ngati mabowo ake sanadyeke, ndalamazo mulipire munthu wodziwa kumanga gudumu.

Funso: Ndagula masipoko otalikirapo pang'ono kuposa akale. Angagwire ntchito?

Yankho: Milimita imodzi siivuta. Kupitirira apo mazinga amatha sipoko isanakungike, kanati kamalimba m'manja koma gudumu lili lofewa, ndipo nsonga yotulukira ingaboole chubu. Yaifupi nayo ndi yoopsa: kanati kamagwira theka lokha, mutu wake n'kuduka. Yoyenera imafika pa kamzere ka sikuludiraiva ka pamutu pa kanati. Yezani sipoko wamba kuyambira m'kati mwa pokhotapo mpaka kunsonga, yowongoka kuyambira pansi pa mutu, ndipo kumbukirani kuti kumbuyo mbali ya tcheni imakhala yaifupi ndi milimita imodzi kapena ziwiri. Timanati ta ku limu tikhale ta bulasi ngati mumayenda m'mvula ndi m'matope, popeza ta aluminiyamu timadyeka n'kumatirira. Donthezani kamafuta pa mazinga musanamange.