Kodi ka snack bar n'chakudya kapena ndi switi?

Mayi wina wa ku Chilenje, amene amagwira ntchito m'tauni muno mu Lusaka, wanditumizira imelo. Akuti chiyambireni kuchepetsa thupi anasiya maswiti, chokoleti ndi mabisiketi, tiyi akumwa wopanda shuga, nsima nayo anachepetsa. M'malo mwa zotsekemerazo amagula bokosi la ma snack bar a oats ku Shoprite, n'kumadya kamodzi cha m'ma 10 koloko, kena akaweruka ali m'minibasi. Mnzawo wa mu ofesi amawaseka kuti switi sanasiye, angoisintha malaya. Ndiye akufunsa kuti: "Kodi timeneti ndiziwerengera ku maswiti, kapena n'chakudya chabwino monga alembera pa bokosi?"

Amayi, pakati pa mnzanuyo ndi bokosilo, ine ndili kumbali ya mnzanu. Ma snack bar ambiri amene ali m'masitolo muziwaika m'gulu la zotsekemera. Alipo ochepa amene satero, koma simungawadziwe poyang'ana chithunzi cha oats ndi njuchi chimene chili kutsogoloko.

Chifukwa chake chili m'kapangidwe. Oats, mpunga wophulitsa ndi nsawa sizigwirana zokha. Kuti zikhale kanthu kolimba kosanyenyeka m'chikwama, pamafunika chomatira, ndipo chomatiracho nthawi zambiri ndi shuga wosungunula, manyuchi kapena uchi, zosakaniza ndi mafuta. Akakutanso ndi chokoleti kapena kaja koyera amati yogati, shuga ndi mafuta zawonjezekanso.

Tengani kamodzi m'bokosi mwanumo, mukatembenuze. Pali mndandanda wa zimene aikamo, wolembedwa m'timalemba tating'ono kwambiri, nthawi zina pansi pa mpindiro wa pepala moti mpaka muutukule ndi chikhadabo. Mndandandawu umayamba ndi chimene chachuluka n'kutsirizira chochepa. Mukaona sugar, glucose syrup, golden syrup, invert sugar kapena honey pa malo atatu oyambirira, mwagwira switi. Muonetsetsenso bwino, chifukwa opanga ena amaikamo mitundu itatu kapena inayi ya shuga, uliwonse pang'onopang'ono, ndiye palibe umene umaoneka koyambirira ngakhale kuti mukaiphatikiza yaposa oats.

Kenako pitani pa kabokosi ka manambala, mupeze mzere wa total sugars kapena of which sugars. Mizere imakhala iwiri, wina wa 100 g, wina wa kamodzi kamene muti mudye. Sipuni ya tiyi imodzi ya shuga ndi pafupifupi magalamu 4. Tiyerekeze kuti kanuko kamalemera magalamu 40 ndipo alemba shuga 30 g pa 100 g. Ndiye kuti muli magalamu 12, amene ndi masipuni atatu. Inu mumadya tiwiri, masipuni asanu ndi limodzi, magalamu 24. Mu 2015 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linalangiza kuti shuga wowonjezera asafike 10 peresenti ya mphamvu zimene munthu amapeza m'zakudya patsiku, kutanthauza pafupifupi magalamu 50 kwa munthu wamkulu wodya makalori 2,000 (makalori ndi muyezo wa mphamvuzo), ndipo linati kutsika mpaka magalamu 25 n'kwabwino koposa. Mukuona pamenepa? Shuga amene munavutika kumuchotsa mu tiyi wabwerera yense kudzera m'chikwama.

Ngati masamu akukuvutani muli m'sitolo anthu akukupanikizani ndi matrole, gwirani manambala awiri amene amagwiritsa ntchito ku Britain polemba zakudya: shuga woposa 22.5 g pa 100 g ndi wochuluka, 5 g kapena kucheperapo ndi wochepa. Ma bar ambiri a oats ndi zipatso zouma amagwera kumtunda kwa 22.5 kapena pafupi napo.

Za uchi ndinenepo, chifukwa ndi pamene ambiri amapusitsidwa. Uchi wa ku Mwinilunga ndi wabwino, ndimaukonda, koma WHO imauwerengera pamodzi ndi shuga wa pa tebulo, manyuchi ndi juwisi wa zipatso. Chimodzimodzi mawu akuti aikamo mavitamini. Kuno ku Zambia shuga wa m'nyumba amathiramo vitamini A kuyambira 1998, koma palibe dokotala amene angakuuzeni kuti muzibwira shuga wa ku Mazabuka kuti maso aziona bwino.

Sindikunena kuti ka bar n'kofanana ndendende ndi switi ya pa kamtengo. Kali ndi oats ndi nsawa kamakhala ndi fibre, zija zimapezekanso mu gaga, komanso mapuloteni pang'ono, ndiye kamagwira pamimba kwa kanthawi. Ngati muli pa siteshoni madzulo, njala yakuthyolani, ndipo kusankha kwake ndi ka bar kapena vitumbuwa vitatu ndi botolo la chakumwa, idyani ka bar. Koma pochepetsa thupi shuga si nkhani yokhayo. Galamu imodzi ya mafuta imapereka makalori 9 pamene ya shuga imapereka 4, n'chifukwa chake ma bar ambiri amakhala pakati pa makalori 150 ndi 250, osatalikirana kwenikweni ndi chokoleti cha msinkhu womwewo. Ena amalemba kuti no added sugar, kutanthauza kuti sanathiremo shuga, koma anamata ndi zipatso zouma zogaya zimene n'zotsekemera kale, kapena anaikamo maltitol, chotsekemera cholowa m'malo mwa shuga, amene mukachulutsa amatupitsa mimba ngakhale kutsegula kumene. Zimenezo m'minibasi ya ku Chilenje nthawi ya jam si zocheza.

Chimene chandikhudza kwambiri m'kalata yanu n'chakuti mukumva njala kawiri patsiku, nthawi zomwezomwezo. Simunanene zimene mumadya m'mawa, koma ndikukayikira kuti ndi tiyi yekha kapena ndi kabuledi kamodzi, kenako masana nsima yochepa ndi ndiwo zochepanso. Munthu akachepetsa nsima, ndiwo ziyenera kuchuluka: rape, chibwabwa, nyemba, kapenta, dzira. Mukadya dzira lowiritsa kapena phala lothira nsinjiro musanachoke panyumba, njala ya 10 koloko ija imachedwa kufika, mwinanso osabwera. Ikabwera, nthochi, gwafa kapena chidutswa cha kandolo wophika chikukwanirani. Ya madzulo, nsawa zokazinga za ku Soweto Market, zodzadza dzanja limodzi basi. Magalamu 30 a nsawa ali ndi makalori pafupifupi 170 ndi mapuloteni okwana magalamu 7, shuga wake n'ngochepa kwambiri. Koma muziyezera kunyumba n'kuika m'kachitini, chifukwa mukanyamula thumba lonse mudzapeza latha musanafike pa roundabout ya Kafue.

Bokosi limene mwagula kalelo musalitaye, ndalama inapita. Muzidya kamodzi pa tsiku limene mtima wafuna chotsekemera, kawiri kapena katatu pa sabata, ndipo tsiku limenelo kalowe m'malo mwa keke kapena chakumwa cha shuga, osati kuwonjezera pamwamba. Likatha, ngati mukufunabe kugula lina, sankhani limene mndandanda wake wayamba ndi nsawa kapena oats, lopanda chokutira cha chokoleti, ndipo shuga wa kamodzi asapose masipuni awiri. Ngati muli ndi matenda a shuga kapena mukumwa mankhwala ake, tengani pepala la ka bar kameneka mukawaonetse a ku kliniki musanasinthe kadyedwe, chifukwa kwa inu nthawi yodyera ndi kuchuluka kwa zakudya ziyenera kugwirizana ndi mankhwalawo.